Za chithunzi cha agogo chimene chikufufutika

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake chithunzi cha agogo anu, chojambulidwa ku studio m'tauni muno kalekale, chikusanduka chachikasu, komanso ngati mnyamata amene mwamuona akupanga dala zithunzi zosakhalitsa tingamutche waluso. Kwa ine mafunso awiriwa ndi limodzi.

Ndinatsukapo zithunzi mu darkroom, chipinda chamdima chotsukiramo zithunzi, ndili mnyamata. Pepala lake limakhala ndi siliva amene amada akaona kuwala, n'chifukwa chake timayatsa babu lofiira lokha. Umaliviika mu developer, mankhwala otulutsa chithunzi, n'kumagwedeza beseni pang'onopang'ono, nkhope n'kuyamba kutulukira ngati munthu akubwera mu nkhungu ya ku Chawe: maso kaye, duku pambuyo. Mpaka lero ndikakumbukira mtima umagunda. Kenako umaliika mu fixer, amene amachotsa siliva wotsala kuti pepala lisapitirire kuda. Nkhani yagona pamenepa. Fixer akakhala wotha mphamvu, kapena pepala likapanda kutsukuluzidwa mokwanira, pakuti lakale lija limafuna madzi oyenda pafupifupi ola lathunthu, mankhwala otsalira amachidya chithunzicho mwakachetechete. Chinyezi cha dzinja la kuno ku Zomba chimangomalizitsa.

Vutoli linabadwa limodzi ndi kujambula. Cha m'ma 1800, Thomas Wedgwood wa ku England ankadinda kale zithunzi za masamba papepala ndi pachikopa, koma analibe chozigwirira. Ankaziona pa kandulo mwachangu n'kuzibisanso mumdima. Mankhwala a hypo, omwe ndi fixer uja, amene wasayansi John Herschel anazindikira mphamvu yake mu 1819, anadzayamba kupulumutsa zithunzi mu 1839.

Choncho mnyamatayo ine ndimamulemekeza. Herschel yemweyo mu 1842 analemba za zithunzi zopangidwa ndi madzi a zomera, ndipo ndinayesapo ndi bonongwe. Ndinasinja mumtondo, kusefa ndi kansalu, kupaka papepala, kuumitsa mumdima, kuika nthenga ya nkhanga pamwamba, kupanikiza ndi galasi, n'kusiya padzuwa masiku angapo. Nthengayo inatsala yobiriwira, kwina konse kutayera. Dzuwa lomwe linajambula ndi lomwenso linadzafufuta. Ndinkachiyang'ana m'mawa uliwonse podziwa kuti chikupita, ndipo palibe chithunzi china m'nyumba mwanga chimene ndinachiyang'anitsitsapo chotero.

Koma cha agogo musachilole chipite. Chijambuleni lero lomwe ndi foni pamthunzi, kenako mukachite scan. Chichotseni pakhoma lomwe limafika dzuwa, muchisunge mu envulopu pamalo ouma, osati mu jumbo. Ngati chamatirira pagalasi la fulemu, chonde musachimatule, chijambuleni chili momwemo.