Commodore 64 ya amalume: musathamangire kuiyatsa

Mmodzi mwa owerenga athu, amene amakhala ku Zomba, watilembera imelo. Akuti amalume ake anakaphunzira ku Britain m'zaka za m'ma 1980 ndipo pobwerera anabwera ndi kompyuta ya Commodore 64 (mwachidule C64), bokosi lake la magetsi, makina a makaseti, diraivi ya madisiki ya 1541 ndi joystick imodzi. Zonsezi zagona m'sutikesi pamwamba pa wadiropu zaka zoposa 30. Funso lake nali: "Kodi ndingoilumikiza kukhoma ndione ngati iyaka? Nanga ikayaka, ndiiwonjezere chiyani kuti ndiziigwiritsadi ntchito, osati kungoikongoletsera pabalaza?"

Achimwene, musailumikize kaye. Vuto si soketi ya kukhoma. Makina a ku Britain anapangidwira magetsi a 240V ndi 50Hz komanso pulagi ya mano atatu, ndipo kwathu kuno tili pa 230V ndi 50Hz ndi pulagi yomweyo, choncho pamenepo palibe mlandu. Mdani wanu ndi chibokosi cholemeracho chimene chili pakati pa khoma ndi kompyuta.

Bokosi limeneli limatulutsa magetsi amitundu iwiri: 5V DC ndi 9V AC. Mbali ya 5V imayendetsedwa ndi regulator, kachipangizo kosunga magetsi pa mlingo umodzi, ndipo m'mabokosi ambiri zonse za m'kati anazithira ulimbo wa epoxy n'kuuma gwa ngati mwala. Kutentha kumasowa kotulukira, malo owotcherera amang'aluka pang'onopang'ono, ndipo regulator ikamafa siingozima ayi, imayamba kudutsitsa magetsi ochuluka. Apa m'pamene pagona nkhani. 5V imeneyi imapita molunjika ku ma IC (tizipangizo takuda ta timiyendo tambiri) a pabolodi popanda china chotchinga panjira. Oyamba kupsa ndi ma IC a RAM (memori ya kompyuta) a mtundu wa 4164, amene pabolodi zakale alipo 8, ndipo malire awo ogwirira ntchito ndi 5.5V basi. Makina amene anali bwinobwino m'sutikesi akhoza kufa pa mphindi zochepa zoyambirira, inu mukumwetulira kuti ayaka.

Kayeseni bokosilo palokha, lisanakhudze kompyuta. Pulagi yake ndi yozungulira, ya DIN ya mapini 7, ndipo manambala a mapiniwo sayenda motsatana. Yang'anani kamphako ka pa chitsulo chozungulira: mapini awiri oyandikana ndi kamphakoko ndi 6 ndi 7, ndiwo a 9V AC. Pini yapakati, moyang'anizana ndi kamphako, ndi 2, ya ground. Yoyandikana nayo mbali imodzi ndi 5, ya 5V, mbali inayo ndi 4, imene m'mabokosi ena imakhalanso ndi 5V pomwe m'mabokosi ena ilibe kanthu. Multimeter yanu, choyesera magetsi, ikhale pa DC poyesa 2 ndi 5, ndipo pa AC poyesa 6 ndi 7. Mbali ya AC ikawerenga 10V kapena 11V musadabwe, thiransifoma yopanda katundu imatero. Dzanja lisanjenjemere: waya woyesera akaterereka n'kugunditsa mapini awiri, mwawononga bokosi nokha.

Kuwerenga 5.0V popanda katundu sikutanthauza kuti bokosi lili bwino. Mangani resistor ya 4.7 ohm, ya 10W, pakati pa 2 ndi 5 kuti ikoke pafupifupi 1A, muisiye theka la ola pamalo osapsa chifukwa imatentha kwambiri, kenaka muyesenso. Ikadutsa 5.2V, bokosilo lapuma pantchito. Koma ife maganizo athu ndi akuti ngakhale lipambane mayeso, lisungeni ngati chikumbutso basi, chifukwa lapambana lero, za mawa sizidziwika, ndipo lothiridwa epoxy silikonzeka. Gulani latsopano lopangidwira C64, kapena katswiri wokonza mawailesi akupangireni: mbali imodzi power supply yabwino ya 5V 2A, mbali ina thiransifoma ya 9V AC 1A, zonse zikumane pa pulagi ya DIN. Chonde 9V imeneyo ikhale AC, osati DC, pakuti kompyuta imapangira pomwepo 12V ndiponso wotchi ya m'kati mwa ma IC a CIA, amene amayendetsa kiyibodi ndi madoko, imawerenga kugunda kwa 50Hz. Ngati mwakakamira bokosi lakale, ikani pakati kachipangizo kotchedwa C64 Saver, kamene kamadula 5V ikangokwera mopitirira. Ndipo poti magetsi akwathu akabwerera atazima amabwera ndi ukali, muzizula pulagi kukhoma mukamaliza.

Tsopano tsegulani kompyutayo musanaipatse moto. Pansi, cha kutsogolo, pali timasikuluwu titatu. Mukatimasula nyamulani chivundikiro kuyambira kutsogolo, pang'onopang'ono, chifukwa kumbuyo kuli timbedza ta pulasitiki timene timathyoka ngati bisiketi. Zulani chingwe cha kiyibodi ndi cha kababu kofiira. Chotsani fumbi, zisa za mphemvu ndi china chilichonse chimene chinalowamo, ndi burashi yofewa. Pabolodi pezani polembedwa ASSY NO. Nambala 326298, 250407 ndi 250425 ndi bolodi zakale za RAM 8. 250466 ili ndi RAM ziwiri zokha. 250469 ndi bolodi yaifupi ya m'makina a C64C. Ilembeni nambalayo, chifukwa sipeya aliyense amene mudzagule adzadalira imeneyo. Yesaninso fyuzi ya galasi imene ili chakumanja, pafupi ndi polowera magetsi. Ili pa mzere wa 9V AC, ndipo ikaduka pabolodi zakale kababu kofiira kamayaka ndithu koma sikirini n'kukhala bii.

Za chithunzi, iwalani chingwe cha eriyo. Chimagwira pa UHF tchanelo 36 koma chithunzi chake n'cha mchenga. Gwiritsani ntchito doko la AV kumbuyo. Ngati lili la mabowo 8 limatulutsa composite (chithunzi chonse pa waya umodzi) komanso luma (kuwala) ndi chroma (mitundu) mosiyana, ndiye mukhoza kupeza chingwe cha S-Video, makamaka chokhala ndi resistor ya pafupifupi 300 ohm pa waya wa chroma kuti mitundu isasefukire. TV zina zamakono zimakana chithunzi cha C64 kapena kuchigwedeza, osati chifukwa kompyuta yafa koma chifukwa mafunde ake satsata ndendende muyezo wa nyumba zoulutsira. TV yakale ya chimsana, ya PAL (muyezo wa TV wa ku Britain ndi kwathu kuno), ndiyo imamvana nayo bwino, ndipo zoterezi zikadalipo m'makomo ambiri.

Zonse zikakhala bwino mudzaona sikirini ya buluu, mawu akuti 38911 BASIC BYTES FREE, kenaka READY ndi kabokosi kophethira. Nambalayo ikachepa, kapena pakabwera OUT OF MEMORY ERROR IN 0, RAM ina yadwala. Mukalemba PRINT FRE(0) n'kuona -26627 musachite mantha ndi chizindikiro chochotseracho. BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu pa kompyutayi, imalephera kuonetsa nambala yoposa 32767 pamenepa, ndiye muwonjezere 65536 mupeza 38909.

Sikirini yakuda ndiyo imazunguza mutu, chifukwa zoyambitsa zake n'zambiri. Yambani ndi zosalira ndalama. Siwichi yoyatsira imachita dzimbiri m'kati n'kumadya mbali ina ya 5V, choncho yesani magetsi pabolodi penipeni, siwichi itadutsidwa. Kenaka yatsani kwa masekondi 20 mukugusa ma IC a RAM ndi nsonga ya chala: imene yatentha mooti simungapirire yapsa. VIC-II, IC ya chithunzi, ndi SID, IC ya mawu, zimafunda mwachibadwa, zimenezo zisakupusitseni. Ngati SID ili pa soketi, zimitsani, izuleni bwinobwino ndi kuyatsanso; C64 imadzuka popanda SID, ndipo SID yopsa imatha kugwetsa makina onse. Zimenezi zikalephera, wokayikiridwa wamkulu ndi PLA, yolembedwa 906114-01, pamalo olembedwa U17 pabolodi ya 250407. Imeneyi ndi imene imagawa kuti pa adiresi iliyonse payankhe RAM, ROM (memori yosunga mapulogalamu obadwa nawo makinawo) kapena IC ina, imatentha kwambiri, ndipo ndiyo imafa kawirikawiri. Zolowa m'malo mwake zilipo zamakono, monga PLAnkton ndi PLA20V8, zosatentha kwambiri. Katiriji yoyesera makina ya Dead Test 781220 imathandiza zedi apa chifukwa imayamba ngakhale ROM za makinawo zitafa, ndipo RAM ikakhala yoipa sikirini imaphethira zoyera kangapo, kuchuluka kwa kuphethirako n'kukulozerani IC yoyenera kuiyang'ana. Musaikhulupirire mwachimbulimbuli komabe: PLA yoipa imatha kunamizira RAM yabwino.

Pozula IC yowotcherera, musalimbane nayo. Dulani timiyendo take tonse, chotsani kamodzikamodzi, yeretsani mabowo, ikani soketi. Tinjira ta mkuwa ta bolodi zimenezi timasupuka msanga chitsulo chowotcherera chikakhalitsa. Pa chifukwa chomwechi sitilimbikitsa chizolowezi chosintha ma capacitor onse popanda chifukwa. Sinthani otupa, otayikira kapena amene mwawayesa n'kupeza kuti afooka.

Mabatani osagwira nthawi zambiri ndi litsiro chabe. Kuseri kwa kiyibodi kuli timasikuluwu tambirimbiri, koma musanatimasule sungunulani mawaya awiri a SHIFT LOCK. Pukutani bolodi yake ndi isopropyl alcohol, ndipo timphira takuda ta pansi pa mabatani mungotikhula pang'ono papepala loyera. Ngati mzere wonse wa mabatani wafa, kapena joystick ikungokokera mbali imodzi, ndiye CIA 6526 ya pa U1. Imafa ndi kuzula kapena kulowetsa joystick makina ali moyaka, komanso ndi ma pad a Sega Mega Drive, amene pulagi yake imalowa bwinobwino koma mawaya ake ndi osiyana.

Kunena za SID, gwirani ichi: ya 6581 imadya 12V, ya 8580 ya pabolodi yaifupi imadya 9V. Timiyendo n'tofanana, koma 8580 mukaiika pa 12V mwaipha, ndipo fakitale yake kulibenso, Commodore inagwa mu 1994. Kuti mumve ngati yanu ili moyo lembani POKE 54296,15:POKE 54278,240:POKE 54273,30:POKE 54276,17 ndipo mumve kulira kosalala. POKE 54276,16 kukuletsa. Ikakhala yakufa, ARMSID, yolowa m'malo mwake yamakono, imalowa pa soketi yomweyo.

Kutentha kwa mwezi wa Okutobala si bwenzi la makina amenewa. Ngati bolodi yaphimbidwa ndi katoni yonyezimira, ichotseni, imangosunga kutentha, ndipo mumate tizitsulo totaya kutentha pa VIC-II, SID ndi PLA. Koma ngati chophimbacho n'chachitsulo chokhala ndi timalilime tokhudza ma IC, chimenecho ndicho chikuwaziziritsa. Chisiyeni, mungosintha phala loyera limene lili pakati pa timalilimeto ndi ma IC. Pulasitiki yofiirira isiyeni momwemo. Kuiyeretsa ndi hydrogen peroxide padzuwa kumasiya mawangamawanga, ndipo mtunduwo umabwereranso.

Diraivi ya 1541 ili ndi thiransifoma yakeyake m'kati. Ikayatsidwa, kababu kobiriwira kamakhala koyaka, kofiira kamayaka pang'ono n'kuzima, injini n'kuima. Musanalowetse disiki iliyonse, izungulizeni ndi zala mukusuzumira pa kazenera kake. Mawanga otuwa ndi chuku, ndipo disiki yotero imapaka mutu wowerengera mpaka ngakhale madisiki abwino aleke kuwerengeka. Pukutani mutuwo ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl. Kenaka LOAD"$",8 ndi LIST zikuonetsani zimene zili m'disikimo. Ngati muli zolemba za amalume, zikopereni pa kompyuta yamakono kudzera pa ZoomFloppy, kachipangizo kolumikiza diraiviyo ku USB, musanayambe kusewera nazo, chifukwa disiki ya zaka zimenezo mwina yatsala ndi maulendo owerengeka. Makina a makaseti kawirikawiri amangofuna lamba watsopano.

Pa zowonjezera, chimene chimasintha moyo ndi chosungira. 1541 imawerenga mabayiti pafupifupi 400 pa sekondi, ndiye pulogalamu ya 40KB imakudikiritsani kupitirira mphindi imodzi ndi theka. SD2IEC, yolowa m'malo mwa diraivi, ndi yotsika mtengo: imalowa pa doko la diraivi, imatenga 5V pa doko la makaseti, ndipo imawerenga mafayilo a .D64 ndi .PRG pa memori khadi ya SD. Chofooka chake n'chakuti si 1541 yeniyeni. Diraivi yeniyeni ili ndi purosesa ya 6502 yakeyake, ndipo masewera ambiri amatumiza kapulogalamu kawo m'diraivimo kuti ifulumire. SD2IEC imadziwa ena mwa amenewa, ena imangoti kakasi. Pi1541, yoyenda pa Raspberry Pi 3, imatsanzira diraivi yonse, chimodzimodzinso katiriji ya 1541 Ultimate II+, imene imawonjezeranso RAM koma mtengo wake ndi wowawa. Kwa munthu woyamba ife tingasankhe Kung Fu Flash: ndi katiriji, ili ndi menyu, imatsegula .CRT ndi .PRG m'kuphethira kwa diso, ndipo simuwotcherera kanthu. JiffyDOS, ROM yolowa m'malo mwa yakale, imafulumizitsa diraivi kwambiri, koma dziwani kuti imachotsa malamulo a makaseti mu ROM, ndiye iikeni ndi siwichi ngati makaseti a amalume mukuwafunabe.

Zochita nayo sizisowa. BASIC imakhala yokonzeka mukangoyatsa, ndipo mwana akalemba POKE 53280,0 n'kuona mphepete mwa sikirini mukuda nthawi yomweyo, amamvetsa kuti nambala ya mu memori ndi chinthu chogwirika. Wofuna kupita patali akhoza kulemba mapulogalamu pa laputopu ndi cc65, pulogalamu yomasulira chinenero cha C, kuwayesa mu VICE, pulogalamu yotsanzira C64, n'kuwasamutsira pa khadi. Modemu ya WiFi ya pa user port pamodzi ndi pulogalamu ya CCGMS zimakufikitsani ku ma BBS, mabwalo akale osiyirana mauthenga, amene akadali amoyo pa intaneti. Mukamatsitsa masewera sankhani a PAL, chifukwa a NTSC a ku America amatha kuthamanga mosiyana kapena kusokoneza chithunzi. Ndipo masewera akatseguka koma joystick osayenda, musatsegulenso makina: zimitsani, muisamutsire pa doko 2, chifukwa ambiri amawerenga limenelo, poti doko 1 limagawana mawaya ndi kiyibodi ndipo limatha kumalemba lokha zilembo pa sikirini.