Jaguar E-Type imeneyi ndi ya chaka chiti?

Funso: Ndatumiziridwa zithunzi za Jaguar E-Type yomwe akuti ndi ya 1963. Magetsi akutsogolo ndi ovindikiridwa ndi galasi, koma akumbuyo ndi akuluakulu ndipo ali pansi pa bampala. Ndingatsimikize bwanji?

Yankho: Mwachita bwino kuyang'ana kumbuyo, chifukwa kutsogolo kwa E-Type kumanamiza. Boneti yake ndi chinthu chimodzi chachikulu chomwe chimanyamula magetsi ndi pakamwa polowera mpweya. Galimoto ikagunda, amangochotsa yonseyo n'kuika ina. Enanso amaika dala boneti ya Series 1, yomwe ndi E-Type yoyambirira, pa galimoto yapambuyo pake chifukwa Series 1 ndiyo imadula kwambiri.

Series 1 inayamba mu 1961. Magetsi ake akutsogolo amakhala mkati mwa galasi, pakamwa ndi paching'ono, ndipo magetsi akumbuyo ndi opyapyala, ali pamwamba pa bampala. Series 2, ya kuyambira 1968 mpaka 1971, inachotsa magalasi aja, pakamwa anakulitsa kuti injini izizizira bwino, magetsi akumbuyo anawatsitsira pansi pa bampala. Malamulo a ku America ndiwo anakakamiza zambiri mwa izi. Choncho zomwe mwafotokozazo ndi thupi la Series 2 lovala nkhope ya Series 1. Ya 1963 siingakhale choncho.

Pemphani chithunzi cha dashibodi. Series 1 ili ndi timaswichi totulukira kunja ngati timitengo, pamene Series 2 ili ndi maswichi aphwatalala odina. Ya 1963 iyeneranso kukhala ndi injini ya malita 3.8, chifukwa ya 4.2 inabwera mu 1964, ndipo pa chitseko cha buti pamangolembedwa kuti Jaguar basi. Koma zilembozo musazidalire, zimamasulidwa mosavuta. Mukatsegula boneti muwerenge makabureta: akhale atatu a kampani ya SU. Mukapeza awiri a Stromberg, ndiye kuti inapangidwira msika wa ku America kuyambira cha m'ma 1968.

Pali zina za 1967 ndi 1968 zomwe anthu amazitcha Series 1½. Izi zimasokoneza mwa njira ina: magetsi akutsogolo ndi osavindikira koma akumbuyo akadali pamwamba. Series 3 ya 1971 siivuta, ili ndi injini ya V12 ya malita 5.3 ndi zitsulo zopingasana pakamwa.

Chomaliza ndi nambala ya chassis. Imakhala pa kachitsulo m'chipinda cha injini, komanso inadindidwa pa chitsulo chopingasa chakutsogolo, pamwamba pa shoko yakumanja. Ziwirizi zifanane. Ya Series 2 imayamba ndi 1R kapena 2R, nthawi zina patsogolo pake pali chilembo china, pamene ya 3.8 ndi manambala asanu ndi limodzi oyamba ndi 8. Nambalayo mukaitumiza ku Jaguar Daimler Heritage Trust, bungwe losunga mbiri ya galimoto za Jaguar, amapereka satifiketi yosonyeza tsiku lomwe galimotoyo inapangidwa, mtundu wa penti yake yoyamba ndi nambala ya injini yomwe inatuluka nayo ku fakitale.