Achimwene, za nyumba za pulasitiki zija

Mwadzuka bwanji achimwene, ndi nonse muli pagulu pano. Pepani ndachedwa kuyankha, dzulo manja anali matope mpaka madzulo. Funso lanu ndalimva. Mwaona chithunzi cha letesi chija, ndiye mukudabwa kuti ndiwo zabiriwira bwanji chonchi pomwe panja mitengo sinaphukire n'komwe, komanso ngati m'katimo timasonkhamo moto kapena kuyatsa magetsi. Ndingolankhula, kulemba kungatalike.

Moto ayi, magetsi ayi. Nyumba zathu ziwirizi, zomwe amati hoophouse, ndi mapaipi achitsulo opindidwa ngati uta, ozikidwa pansi mondondozana, pamwamba n'kufunditsa pulasitiki yoonekera. Mbewu zili m'nthaka momwemo, m'mabedi. Chotenthetsa ndi dzuwa basi. Masana dothi limafunda, usiku limabweza kutenthako pang'onopang'ono. Pulasitiki yake ndi yokhuthala, yopangidwa kuti isafumbutuke ndi dzuwa, imakhala zaka ngati 4 musanasinthe. Usiku wachisanu timawonjezera nsalu yoyera yopepuka pamwamba pa mabedi, koma timaikweza pa timawaya. Ikagona pa tsamba n'kuumira pomwepo ndi chisanu, m'mawa mupeza tsambalo lapsa pamene inakhudzapo.

Sipinachi amene ali kumbuyo pachithunzipo si wa chaka chino ayi. Tinamufesa nyengo yozizira isanalowe. Tsiku likafupika, dzuwa n'kumawala osakwana maola 10, ndiwo zimangoima. Sizifa, koma sizikulanso. Ndiye anangokhala phee miyezi yonseyi, masamba atagona pansi. Masiku atangoyamba kutalika kudutsa maola 10 aja, aa, sabata imodzi bedi linali lina. Ndipo amatsekemera, chifukwa kukazizira mbewuyi imasunga shuga m'masamba kuti isaume ndi chisanu. Kumsika amene analawako amabwera m'mamawa kudzafunsa yemweyo.

Koma achimwene, chimene ndikufuna mumvetse ndi ichi. Nyengo ino, pamene chisanu chikutha, chimene chimandisowetsa tulo si kuzizira. Ndi kutentha. Panja mwavala jekete, mphepo ikulowa m'mafupa, koma dzuwa likangotuluka m'mitambo, m'nyumba yotseka mumadutsa madigiri 30 nthawi yochepa. Letesi ndi sipinachi ndi mbewu za kozizira, zotere sizizifuna.

Ndinaziona ndi maso anga chaka chatha. Kunacha kuli mitambo bii, ndinati lero sikuwala, ndinasiya zonse zotseka n'kupita kukatenga kompositi. Ndili m'njira kumwamba kunayera. Pobwera masana, nditangotsegula chitseko, mpweya wotentha unandimenya kumaso. Letesi yense anali atafota, masamba ali lende pa dothi ngati wina wawathira madzi otentha. Letesi wamkulu anadzuka madzulo titathirira, koma patangopita masiku anayamba kutalika pakati, kufuna maluwa, ndipo ukathyola tsamba pamatuluka utomoni woyera wowawa. Ameneyo sungapite naye kumsika. Mbande zazing'ono zomwe zinali m'mathileyi, zimenezo zinapita. Ndinakhala pansi pambali pa bedi pomwepo, mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa zinali ntchito ya masabata 4.

Chiyambire tsikulo, ntchito yanga yaikulu ndi kutsegula ndi kutseka. M'mawa ndimadikira dzuwa lifike pa pulasitiki, ndivundukule nsalu zija. Kukayamba kufunda ndimapinda pulasitiki ya m'mbali, kaye pang'ono mbali yosachokera mphepo, kenako zonse. Dzuwa lisanalowe ndatseka, kuti kutentha kwa masana kutsalire m'kati. Choyezera kutentha ndinachipachika pafupi ndi masamba, osati pamwamba, chifukwa pamwamba ndi pansi zimasiyana. Ndipo ndiwo zikagona ndi chisanu osazigwira m'mamawa. Muzidikire zisungunuke zokha, zimadzuka bwinobwino. Mukazidula zili gwa, zimasanduka phala.

Kutsegulako kumathandizanso chinyezi. Nyumba ikakhala yotseka, madzi amaunjikana kudenga n'kumadonthera pa masamba. Tsamba likamakhala lonyowa usiku wonse, chuku chotuwa chimagwira letesi m'munsi, pamene wakhudza dothi, mutu wonse n'kuwola kunja ukuoneka wabwino. Mbande nazo zimawolera pakhosi n'kugwa. N'chifukwa chake timathirira m'mawa, ndi mapaipi odontheza pa mizu, kuti pofika madzulo pamwamba pauma. Nsabwe za m'masamba nazo zimakonda kofunda kopanda mphepo, ndiye tsiku lililonse ndimatembenuza masamba angapo kuona kunsi. Chinanso, m'katimo mvula siigwa. Madzi onse ndi a inu, ndipo mukamathira manyowa ambiri chaka ndi chaka mchere umaunjikana m'dothi popeza palibe mvula youtsuka. Ife manyowa timathira mosamala, dothi timakaliyezetsa.

Pa zodzala, sitifesa zonse tsiku limodzi. Kumsika amafuna ndiwo sabata iliyonse, osati mulu kamodzi. Ndiye letesi ndimafesa pang'ono masabata awiri alionse, radishi (timizu tofiira todyedwa tatiwisi) sabata iliyonse chifukwa amakhwima pasanathe mwezi. Karoti amachedwa, kumera kokha dothi likazizira amatha masabata atatu, ndipo pamwamba pasaume ngakhale tsiku limodzi. Nsawawa zili m'mbali, zayamba kukwera ulusi.

Pano mutu ukundizungulira ndi tomato. Mbande zake timafesa pofunda, masabata 6 mpaka 8 tisanawokere, ndipo zanga zafika, zikupempha malo. Koma tomato chisanu pang'ono chabe wapita, ndipo dothi likakhala lisanafike madigiri 15 amangokhala osakula, masamba n'kuchita kufiirira kunsi. Komanso bedi lomwe akufuna kulowamo ndi la sipinachi uja, amene akadagulitsidwa bwino. Ndikamuzula lero ndataya ndalama ya masabata awiri. Ndikachedwa, tomato achedwa kupsa, ndipo phindu la nyumbayi ndi kufika naye kumsika anzanu a panja asanayambe. Sipinachi yemweyo masiku akatalika kwambiri achita maluwa ndithu, ndiye masiku ake ndi owerengeka kale.

Ndaganiza zozula mizere iwiri ya pakati Lolemba, tomato alowe pamenepo, sipinachi wa m'mbali atsale ndizidulabe. Mbande za tomatozo ndayamba kuzitulutsa masana kuti zizolowere mphepo, madzulo ndikuzilowetsa. Mlamu anafunsanso za mphepo yamkuntho, kuti pulasitiki siuluka. Zimenezo ndiyankha madzulo ndi chithunzi cha momwe tinamangira zingwe, pofotokoza pakamwa sizimveka bwino. Mupereke moni kwa ana.