Error 6043 ya iasl: manambala ake adzasintha, nanga ikudandauliranji?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yoti: "Ndatulutsa DSDT ya laputopu yanga, ndaimasula ndi iasl -d, koma poimanganso ikukana. Ikupereka Error 6043 pa DWordMemory ya mu _CRS ya PCI0. Komatu manambalawo BIOS imawasintha makina akamayaka. Ndingoizimitsa error imeneyi?"

Kwa amene simukuzidziwa: DSDT ndi tebulo la mu BIOS lofotokozera kompyuta zipangizo zake, iasl ndi compiler yomasula ndi kumanga matebulo otere, ndipo _CRS ya PCI0 ndi method (kapulogalamu ka m'tebulomo) yonena malo a memory omwe basi yaikulu ya PCI igwiritse ntchito; DWordMemory ndi descriptor, yofotokoza gawo limodzi la malowo. Achimwene, musathamangire kuizimitsa. Compiler imangoona zomwe zalembedwa m'fayilo. Sidziwa zomwe method idzachite mawa.

Descriptor yanu mwina ili chonchi: MinFixed, MaxFixed, Granularity 0, Minimum 0, Maximum 0xFEBFFFFF, Length 0. Lamulo la ACPI (muyezo womwe matebulo amenewa amatsatira) limati ngati poyambira ndi pothera zonse zili Fixed, Length isakhale 0, koma ifanane ndi Maximum kuchotsa Minimum kuphatikiza 1, ndipo Granularity ikhale 0. Apa ndi pomwe iasl yakodwa. Amene analemba firmware anasiya 0 dala, chifukwa m'munsimu muli CreateDWordField yoloza ku _MIN, _MAX ndi _LEN, yomwe imalola method kuwerenga ndi kulemba Minimum, Maximum ndi Length ya descriptor. Method imawerenga pomwe RAM ya pansi pa 4 GB yathera, n'kuika nambalayo mu _MIN, kenako n'kuwerengera _LEN pochotsa _MIN mu _MAX n'kuphatikiza 1.

iasl ili ndi khomo limodzi la ma descriptor odzadzidwa pambuyo. Minimum, Maximum, Length ndi Granularity zikakhala 0 zonse, ndipo descriptor ili ndi dzina lake kumapeto (mafayilo omasulidwa amaonetsa mayina ngati _Y00), imangodutsa osafunsa. Dzinalo likasowa, iasl idandaulanso.

Koma khomo limeneli lili ndi msampha. Ambiri amangolemba 0 paliponse, error n'kutha, iwo n'kusangalala. Taonani kaye method yanu: ngati imalemba _MIN ndi _LEN zokha, koma _MAX n'kungoiwerenga, ndiye kuti 0xFEBFFFFF ija ndi nambala yeniyeni yomwe ikugwira ntchito. Mukaifufuta, kuchotsera kuja kudzapereka Length yopanda mutu, ndipo kernel ikhoza kutaya window yonseyo (gawo lonse la memory lija), zipangizo za PCI n'kusowa malo a ma BAR awo, ma adiresi omwe chipangizo chilichonse chimapempha.

Ine ndikanakonza Length yokha. Pa Minimum 0 ndi Maximum 0xFEBFFFFF, lembani 0xFEC00000. Compiler ikhutira, ndipo method idzalembapo nambala yake monga kale. Musachotse kapena kusuntha descriptor iliyonse ngati ma field akugwiritsa ntchito offset ya manambala m'malo mwa dzina. DWordMemory imodzi ndi ma byte 26, _MIN ili pa byte 10, _MAX pa 14, _LEN pa 22. Mukasuntha chimodzi, method idzalemba pa malo a mnzake popanda chenjezo lililonse.

Njira ya -cr ya iasl ilipo, imazimitsa kufufuza konse kwa ma resource descriptor. Vuto lake n'lakuti imabisanso zolakwika zenizeni, monga Minimum kuposa Maximum.

Kudutsa kwa compiler si umboni woti zili bwino. acpiexec, pulogalamu yoyesera ma method a ACPI, ikhoza kuyendetsa \_SB.PCI0._CRS, koma ma OperationRegion ake (malo omwe method imawerengera hardware) ndi ongoyerekeza, choncho manambala ochokera ku chipset sakhala enieni. Yatsani makinawo ndi tebulo latsopano, muone mizere ya "root bus resource" mu dmesg komanso /proc/iomem, muyerekeze ndi zomwe munasunga musanasinthe kanthu.