Funsani Ankolo: nkhope zikumada bii ndikajambula kunyanja

FUNSO: Ankolo, ndine mnyamata wa ku Makawa, ndimajambula anthu kunyanja ndi foni komanso pa zinkhoswe. Vuto ndi loti kumbuyo kwa munthu kukakhala nyanja nkhope imada bii, ndikati ndiwalitse amaoneka ngati wadzola phulusa ndiye makasitomala akumadandaula. Ndilinso ndi kalaputopu kakale komwe anandisiyira achimwene, ndiyambe ndi pulogalamu iti?

YANKHO: Aphwanga, vuto lanu lagona pa kuwala. Masana nyanja imanyezimira kwambiri ndiye kamera imatsatira kuwalako nkusiya nkhope mumdima, inu nkumakoka Brightness yomwe imawalitsa chithunzi chonse nthawi imodzi, mpake khungu likutuwa. Isiyeni kaye imeneyo. Ikani Snapseed pa foni, ndi ya Google ndipo ndi yaulere, mulowe pa Tune Image mukweze Shadows pang'onopang'ono kenako mutsitse Highlights, muona maso ndi mphuno zikutuluka komanso madzi aja akubwerera mtundu wake. Ikakanabe pali Selective, mumadina pankhope pokhapo nkuwalitsa pamenepo basi.

Koma chonde musamayeretse anthu, izi zimandiwawa heavy. Mayi watchena bwinobwino ndi chitenje chake, khungu lake lakuda lowala, inu nkumubwezera chithunzi cha munthu wina yemwe ngakhale apongozi ake sangamuzindikire. Khungu lizioneka momwe lilili.

Muziyang'ananso mzere womwe madzi akumana ndi thambo, ambiri umapendekeka, pa Rotate umawongoka msanga.

Za laputopu, Photoshop masiku ano ndi yolipira mwezi ndi mwezi, eni ake a Adobe anasiya kutulutsa yatsopano yogula kamodzinkamodzi mu 2013, ndipo zokopera kwa anzanu pa flash zija nthawi zambiri zimabwera ndi ma virus. Tengani GIMP, yaulere, mukaidawuniloda kamodzi imagwira popanda bandulo. Muyambe ndi ma Layers, omwe ali ngati mapepala oonekera osanjikizana pamwamba pa chithunzi, chilichonse chomwe mukusintha chizikhala pa layer yakeyake kuti chikalakwika mungochotsa chomwecho, kenako Curves yosinthira kuwala ndi mdima wa chithunzi. Zinazo muzidziwa mukamapita.

Chithunzi choyambirira musamachikhudze, muzikonza kopi chifukwa JPEG, mtundu wa fayilo ya zithunzi zambiri za pa foni, imafooka mukamaiseva mobwerezabwereza. Potumiza kwa kasitomala pa WhatsApp muzisankha Document, mukangotumiza wamba chimafinyidwa ndiye akakatsukitsa ku studio ku Mangochi boma chimatuluka chosaoneka bwino, mlandu nkukhala wanu.