Kwa mayi a ku Senga Bay amene akufunafuna mphatso ali ndi zaka 41

Mayi, ndawerenga funso lanu kawiri ndipo mtima wandikaniza kungodutsa. Mwalemba kuti muli ndi zaka 41, mwatha zaka ziwiri m'banja lachiwiri popanda kuima, apongozi ayamba kulankhula mokuluwika, ndipo mukufunsa ngati muyambe mwamwa zitsamba zimene azakhali akupezerani kapena muyambe kusunga ndalama za IVF, njira yophatikiza dzira ndi umuna mu labu. Ine sindine dokotala, koma njira imeneyi ndinaiyenda kuno ku Salima, ndipo mwana wanga mmodzi yekhayo ndinamubereka ndili ndi zaka 39.

Chonde musadikirenso mwezi wina, pitani kuchipatala sabata ino. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, oposa miliyoni imodzi, ndipo thupi silipanganso ena. Akamatha msinkhu amakhala atatsala pafupifupi 300,000, kenaka amanka nachepa ndi kufooka, makamaka kuyambira zaka 35. Mayi wa zaka 30 amakhala ndi mwayi wa pafupifupi 20 pa 100 woima mwezi uliwonse, pamene wa zaka 40 mwayi wake umatsika kufika pa 5 pa 100 kapena kucheperapo. N'chifukwa chake madokotala amati wosakwana zaka 35 ayese chaka chathunthu, wa zaka 35 kupita m'tsogolo ayese miyezi isanu ndi umodzi yokha, koma wa zaka 40 apite kukayezedwa nthawi yomweyo. Ine ndinataya zaka zitatu ndikumwa mizu yowawa ya m'mabotolo, ina yothira m'phala m'bandakucha, ndipo zaka zimenezo zimandipwetekabe mumtima kuposa ndalama zimene zinapita.

Musapite nokha, mupite ndi bambo. Kwathu kuno banja likasowa mwana chala chimaloza mkazi, mpaka kumutchula kuti chumba, chonsecho pa mabanja ambiri, mwina kufika theka, vuto limakhudzanso mwamuna. Kuyeza umuna ndi kosavuta komanso kotsika mtengo kuposa zoyeza zonse za mayi, ndipo kukhala ndi ana m'banja loyamba si umboni woti lero zonse zili bwino. Amuna anga anakana kwa miyezi iwiri. Tsiku limene anavomera, anakhala pa benchi panja pa labu atafumbata kabotolo m'thumba la jekete, maso ali pansi, thukuta lili kamukamu ngakhale munali mu June. Zotsatira zawo zinatuluka zabwino, koma kuyambira tsiku limenelo nkhaniyi inakhala ya tonse awiri, ndipo anali iwowo amene anayamba kuwayankha achibale awo.

Kwa inu mayi, adzafunsa za kasambidwe kanu, adzaunika chiberekero kuti aone ngati muli zotupa, ndipo adzafuna kudziwa ngati machubu odutsa mazira ali otseguka. Machubu amayezedwa pothira mankhwala amadzi m'chiberekero n'kujambula ndi X-ray, ndipo dzina lake ndi HSG. Amatsekeka chifukwa cha matenda opatsirana pogonana monga chinzonono amene sanachizidwe bwino, kapena matenda olowa pambuyo pobereka kapena popita padera. Koma ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi chinanso chimene ambiri sachiganizira, ndicho likodzo. Tinakula tikusamba, kuchapa ndi kutsuka mbale m'nyanja, ndipo mazira a tizilombo ta likodzo amatha kukhazikika pa khomo la chiberekero ndi m'machubu, n'kusiya zipsera ngakhale munthu sakukodza magazi. Muwauze adokotala kuti mumakhala kunyanja. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboto, ngakhale kuti zipsera zakale sazichotsa. Yambani pa chipatala cha boma cha Salima, ndipo mupemphe kalata yokutumizani kwa dokotala wa amayi ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe.

Kwa ine anapeza chubu chimodzi chotsekeka, komanso kuti mazira sankakhwima mwezi uliwonse. Anandipatsa mapiritsi a clomiphene, omwa masiku asanu kumayambiriro kwa msambo, ndipo mwezi wachinayi ndinaima. Ndikukupemphani kuti musakagule mapiritsi amenewa panokha chifukwa choti mwawaona apa. Sathandiza ngati machubu onse atsekeka kapena ngati vuto lili kwa bambo, amatha kubweretsa mapasa, sapitirizidwa kawirikawiri kupyola miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pa zaka 41 mphamvu yake imakhala yochepa kusiyana ndi pa zaka zimene ine ndinali nazo.

Tsono za IVF. Apa mayi amabayidwa jakisoni kwa masiku khumi kapena kupitirira pang'ono kuti mazira angapo akhwime, mazirawo amachotsedwa ndi kuphatikizidwa ndi umuna mu labu, ndipo pakapita masiku atatu kapena asanu mluza umaikidwa m'chiberekero. Njirayi si yachilendo, pakuti mwana woyamba wobadwa motere, Louise Brown, anabadwa mu 1978 ku Oldham, m'dziko la England. Imathandizadi pamene machubu atsekeka kapena umuna uli wochepa, koma sibweza zaka m'mbuyo. Kwa mayi wa zaka 40 mpaka 42 wogwiritsa ntchito mazira ake, mwayi wobereka pa ulendo umodzi ndi pafupifupi umodzi pa khumi, ndipo umatsika ndithu pambuyo pa zaka 43. Mazira opatsidwa ndi mayi wina wachitsikana amakweza mwayiwo kwambiri, koma imeneyo ndi nkhani yoti inu ndi bambo muikambirane mofatsa, poganizira chikhulupiriro chanu ndi mtima wanu. Ambiri amapita ku Johannesburg, ku Nairobi kapena ku India, ndipo ndalama zake ndi mamiliyoni ambiri a kwacha. Musagulitse munda kapena bwato musanafunse chipatala chimenecho kuti pa amayi a msinkhu wanu, ndi angati amene anabwerera kwawo ndi khanda m'manja, osati amene anangoima.

Pakadali pano yambani kumwa mapiritsi a vitamini wa folic acid tsiku lililonse, muyezetse BP, shuga ndi HIV, chifukwa pathupi pa msinkhu uno pamafuna sikelo yoyambirira ndi kuyang'aniridwa pafupi. Polowa kwa dokotala mutenge kabuku kanu ka kuchipatala, pepala limene mwalembapo masiku amene munasamba miyezi itatu yapitayi, ndi mabotolo onse a zitsamba amene mwamwapo kale, kuti awaone ndi maso awo.