Kodi chigololo ndi mlandu kapena ndi tchimo?

Mayi wina wa ku Mangochi, yemwe amamasulira timapepala tophunzitsa anthu malamulo a banja, wafunsa motere: "Ndinalemba kuti chigololo si mlandu m'Malawi muno. Abusa ndi mashehe anakwiya, ati ndikuloleza zoipa. Anyakwawa nawo ati milandu ya chigololo amaweruza chaka ndi chaka. Kodi Chichewa changa chalakwika pati?"

Mayi, malamulo mukuwadziwa bwino, koma liwu loti mlandu mwalipatsa ntchito yochepa kuposa yomwe limagwira. Pa Chichewa, mlandu ndi nkhani iliyonse yomwe yafika pabwalo kuti akuluakulu aikambe. Mbuzi ikadya chimanga cha eni ake ndi mlandu. Ngongole, malire a munda, kutukwana apongozi, mpaka kupha munthu, yonseyi ndi milandu. Choncho anyakwawa sananame. Inu mumatanthauza mlandu umene boma limazenga munthu kudzera kwa apolisi, koma chiganizo chanu sichinatero. Ena amati "mlandu waupandu", koma ine liwu limeneli sindilikonda, chifukwa munthu wamba akamva upandu amaganiza za achifwamba a zikwanje. Lembani motalikirapo: "Chigololo si mlandu womangitsa munthu kupolisi, koma khoti limachiganizira pothetsa banja, ndipo kwa amfumu wolakwa amalipitsidwa." Abusa muwasiyire liwu lawo loti tchimo, chifukwa pamenepo palibe chimene mwatsutsana nawo.

Chisokonezo chenicheni chagona pa liwu loti lamulo. Linachokera ku mneni woti kulamula, ndiye kuti lamulo lililonse lili ndi mwini wake amene analamula. Tili ndi Malamulo Khumi a m'Baibulo, malamulo a mpingo, malamulo a m'mudzi, malamulo a sukulu, ndiponso malamulo a dziko omwe amapangidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe. Onsewa timawatchula ndi liwu limodzi. M'mudzi wa mtundu umodzi ndi chipembedzo chimodzi izi sizivuta. Koma pamsika pamene pakumana Mchewa, Myao, Mtumbuka ndi Mlomwe, Msilamu, Mkatolika ndi wa Seventh Day, kungoti "n'zoletsedwa ndi lamulo" n'kuyambitsa mkangano dala. Nenani lamulo la yani. Nyama ya nkhumba ndi yoletsedwa kwa Msilamu ndi kwa wa Seventh Day, koma lamulo la dziko silinenapo kanthu. Mitala ndi yololedwa pa ukwati wa mwambo, ndi tchimo m'mipingo yambiri, ndipo ndi mlandu womangitsa kwa yemwe anamanga ukwati wake kwa DC n'kukamanganso wina.

Tsono pali mwambo, liwu limene olemba a masiku ano alipeputsa mpaka langotsala la maphwando: mwambo wotsegulira mlatho, mwambo wopereka mphoto. Mwambo ndi mwambi ndi ana a mimba imodzi. Mwambo ndi mawu amene akulu anauza achinyamata, makamaka kuchinamwali. N'chifukwa chake omasulira Buku Lopatulika anatcha buku la nzeru za Solomo kuti Miyambo, ndipo pa nsanamira zinayi za nthawi ya Kamuzu Banda yomaliza inali kusunga mwambo. Taonaninso aneni ake. Lamulo timaliphwanya kapena kuliswa, ngati chinthu chimene wina anatiikira panja. Koma mwana wachipongwe timati alibe mwambo, popeza mwambo umakhala m'kati mwa munthu. Tchimo nalo munthu amalichita n'kulapa. Mneni wake, kuchimwa, sunayambire kutchalitchi, ndipo mpaka lero timati mnyamata wachimwitsa mtsikana ngakhale onse awiri asanapondeko m'kachisi.

Pomasulira, dzifunseni kuti walakwiridwa ndani, nkhaniyo ikambidwa pabwalo liti, ndipo itha motani. Ikathera kundende kapena pa chindapusa cholowa kuthumba la boma, lembani "kuphwanya lamulo la dziko". Ikathera pa nkhuku, mbuzi kapena ndalama ya chipepeso pamaso pa ankhoswe ndi amfumu, lembani "kulakwira mwambo". Ikathera pa kulapa kapena kudulidwa mumpingo, limenelo ndi tchimo. Chinthu chimodzi chikhoza kulowa monsemo, monga kuba, kapena m'modzi mokha.

Amene amalemba ngati kuti zitatuzi zimayenda limodzi nthawi zonse aiwala mbiri ya dziko lino. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi. Linathetsedwa mu 1993, koma agogo ambiri sanasinthe maganizo, ndipo akamati "mtsikana wa buluku alibe mwambo" Chichewa chawo n'cholondola, pamene akati "waphwanya lamulo" alakwitsa. Lamulo la ufiti la 1911 ndiye lozondoka kwambiri kwa munthu wa kumudzi: kumudzi wolakwa ndi amene akumuganizira ufiti, koma ku khoti wozengedwa mlandu ndi amene waloza mnzake chala kuti ndi mfiti. Pa ukwati wa ana lamulo ndi limene linatsogola. Lamulo la ukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti chilolezo cha makolo chisakhalenso njira yokwatitsira mwana wa zaka 15. Apa musalembe "n'zosayenera", liwu lofewa limene limasiya mpata wokambirana. Lembani "n'zoletsedwa ndi lamulo la dziko, ndipo munthu amamangidwa nazo". Mu 2023 khoti lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta asabwezedwe kusukulu za boma chifukwa cha tsitsi lawo lopotana. Pamenepo panagundana malamulo awiri, la sukulu ndi la dziko, ndipo wolemba nkhani akapanda kuwasiyanitsa owerenga sangamve kuti linagonja ndi liti.

Mwafunsanso kumapeto kwa kalata yanu ngati mungalembe "kesi" kuti muzembe vuto lonseli. Achinyamata a m'tauni akati "ali ndi kesi" amatanthauzadi ya kupolisi, ndiye liwu lobwerekali lapeza kampata kamene mlandu unasiya. Pocheza lilekeni liyende. Pa kapepala kokawerengedwa pabwalo la amfumu ku Mangochi, musaliyerekeze.